Air fryer ya malita 4 pa mabilinganya: mafuta amachepadi, koma dengu lake n'laling'ono

Amene anakazingapo mabilinganya amadziwa mmene amamwera mafuta. Mukathira masupuni atatu m'chiwaya, pakangotha mphindi imodzi chiwayacho chauma gwa, mwawonjezeranso ena. Mnofu wa bilinganya uli ndi timabowo tambirimbiri todzaza mpweya ngati siponji. Mafuta amalowa mmenemo, ndipo bilinganyalo likapsa n'kufota limawalavulira m'mbale, ndiwo n'kumasambira.

Makina ophikira amene tikunena pano, otchedwa air fryer, ndi aja okhala ndi dengu lokoka ngati dirowa, a mawati 1,400 mpaka 1,500. Kampani ya Philips ndiyo inawatchukitsa kuyambira mu 2010, koma lero makampani ambiri akuwapanga ndipo kagwiridwe kake n'kofanana: waya wotentha pamwamba, ndi fani yozunguza mpweya wamoto. Pa mabilinganya, ubwino wake ndi wakuti palibe dziwe la mafuta loti amwe. Amangotenga okhawo amene mwawapaka.

Pa magalamu 500, omwe ndi mabilinganya awiri osakula kwambiri, supuni imodzi yaikulu ya mafuta, ya mamililita 15, ikukwana. Duladulani zidutswa za masentimita awiri osasenda khungu, chifukwa khungulo ndilo limagwira mnofu kuti usaphwanyike. Thirani theka la supuni yaing'ono ya mchere, musiye kwa mphindi 30, kenaka mupukute ndi kansalu koyera mpaka ziume. Mcherewo umatulutsa madzi n'kufoola timabowo tija. Mafuta musathire mudengu ayi. Thirani m'mbale yaikulu n'kusakaniza ndi manja msangamsanga, apo ayi zidutswa ziwiri zitatu zapamwamba zimwa onse, zinazo n'kutsala zouma. Tenthetsani makina kwa mphindi zitatu, ikani pa madigiri 190, muphike mphindi 15 mpaka 18, n'kugwedeza dengu pakati pa nthawiyo. Zikapsa bwino m'mbali mumafiira, m'kati muli lobodo.

Apa makinawa akuyenera kuyamikiridwa. Bilinganya lotere mukaliponya mu tomato ndi anyezi wokazinga kale, kapena mukatendera ndi nsinjiro, silisanduka phala ndiponso silisiya mafuta oyandama pamwamba pa msuzi.

Pofooka pake n'poonekeratu. Malita 4 amveka ambiri, koma pansi pa dengu m'pochepa, ndipo mabilinganya amafuna kuyalidwa osasanjikizana. Mukadzaza, nthunzi imasowa potulukira, zidutswa zimangofewa zili zotuwa ngati zowiritsa. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi liyenera kuphika kawiri, pomwe nsima ikudikira.

Malonda ena amakopa anthu kuti makinawa safuna mafuta n'komwe. Pa tchipisi ta mupaketi zingatheke, koma pa bilinganya loduladula musayese. Lopanda mafuta limatuluka lokwinyika, kunja kolimba ngati chikopa, m'kati mosapsa. Chimodzimodzi mukalidula mopyapyala kwambiri: fani imaliumitsa lisanafewe.

Kuotcha lathunthu kumayenda bwino popanda mafuta, pa madigiri 200 kwa mphindi 25, n'kulitembenuza kamodzi. Libooleni kaye ndi foloko malo angapo, chifukwa nthunzi ikatsekeredwa m'kati limaphulika. Kafungo ka utsi kamene mbaula ya makala imapereka musakayembekezere.

Za magetsi n'zosadetsa nkhawa kwenikweni: mawati 1,500 kwa mphindi 20 sapyola theka la yuniti. Vuto ndi loti akazima pakati pophika, zidutswa zimazizira zitafota kale ndipo sizidzafiiranso bwino. Kumene magetsi amavuta, chiwaya chosamatirira chokhala ndi chivundikiro chimachita ntchito yoyandikira: pakani zidutswa mafuta omwe aja, muziwambe mbali zonse, thirani masupuni awiri a madzi n'kuvundikira mphindi zisanu.

Dengu lake ndi lokutidwa ndi utoto wosamatirira womwe suchedwa kusupuka. Madzi a bilinganya akaumirapo, livikeni m'madzi ofunda a sopo n'kutsuka ndi siponji yofewa. Waya wokwechera mapoto asafikepo. Kwa anthu awiri kapena atatu amene amadya mabilinganya kawirikawiri, makinawa ndi oyenera ndalama zake. Banja lalikulu ligule a malita 6 kapena kuposerapo, ndipo posankha muyang'ane kutambalala kwa pansi pa dengu kuposa kuya kwake.