Cold Fact ya Rodriguez: chimbale choyenera kuchisaka muno mu Joni

Amalawi okonda gitala wosakometsera, chimbale ichi simungataye nacho ndalama. Sixto Rodriguez wa ku Detroit anachitulutsa mu 1970, chili ndi nyimbo 12. Kwawo ku America sichinayende malonda, koma kuno ku South Africa chinafala zedi, mpaka mwini wake anadzaimba mu 1998. Anamwalira mu 2023.

Mawu ake ndi ouma, otulukira m'mphuno pang'ono, ndipo amaimba za umphawi, mankhwala ozunguza bongo ndi moyo wa m'tauni mosapsatira. Gitala amamukwapula molimba, kakomedwe ka blues kakumveka pansi. Besi ya mu "I Wonder" ndiyo imanyamula nyimbo yonse. Chodandaulitsa n'chakuti zoimbira zimene anawonjezera ojambula, Mike Theodore ndi Dennis Coffey, pena zimaphimba mawu.

Mukapeza chakale cha vinyl (choimbitsa ndi singano) m'mashopu a zimbale, chiyang'aneni powala. Kukandika komveka ndi chikhadabo kumadumphitsa singano. Chiikeninso pathebulo muone ngati chinapindika ndi dzuwa, poti chopindika chimakoka mawu. Chimazungulira pa 33, kutanthauza pafupifupi ka 33 pa mphindi. Ngati chakalecho chakwera mtengo, sakani chimene kampani ya zimbale ya Light in the Attic inatulutsanso mu 2008.