Rescuezilla patatha miyezi: zomwe inachita hard disk yathu itafa

Rescuezilla ndi pulogalamu yaulere yokopera disiki ya kompyuta kuti mudzaibwezeretse ikafa, ndipo ntchito imaigwira, koma siidziyendera yokha. Ndakhala nayo miyezi ingapo pa kashopu kathu ku Rosettenville, komwe timasindikiza ma CV, kukopa mapasipoti ndi kulemba katundu amene abale amatumiza ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Imatenga disiki yonse, Windows, mapulogalamu, madiraiva a pulinta ndi mafayilo, n'kuziika m'kope limodzi lotchedwa image. Mumaiika pa flashi, kompyuta n'kuyakira pa flashiyo osati pa Windows, kenako mumasankha disiki yokopedwa ndi kosungira. Mkati mwake muli Ubuntu, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo kuyambira 2020 ma image ake amawerengeka ndi Clonezilla, pulogalamu yokopera ma disiki ya ku Taiwan ija imene ambirife imatiopsa chifukwa ndi zilembo zokhazokha, mouse ilibe ntchito. Kale ndinali pa pulogalamu ina yotere, Macrium Reflect yaulere, koma eni ake anasiya kuisamalira mu January 2024.

Disiki yathu inafa nthawi ya mvula. Okhalitsa mu Joni muno mukuzidziwa mphenzi za madzulo. Magetsi anathima mvula ili mkati, ndipo atabwera disikiyo inkangolira kuti tiki, tiki, tiki, sikirini n'kulemba kuti palibe poyatsira.

Pogula ina ndi pamene pali msampha. Mnzanga wa ku Mangochi amene amakonza mafoni m'tauni anati, "Achimwene, tengani disiki ya SSD ya 512GB, mafayilo anu ndi ochepa, mukutayiranji ndalama?" Ndinakana. Image yathu inachokera pa disiki ya 1TB, ndipo Rescuezilla imafuna malo okwana patishoni (chigawo cha disiki) momwe inalili, ngakhale mkati mwake mutakhala mopanda kanthu. Njira yozembera ilipo: kuchepetsa patishoni ndi pulogalamu ya GParted, yomwe ili pa flashi pomwepo. Koma zimenezi zimachitika disiki ikanali moyo, image isanatengedwe. Ikafa, basi, gulani yofanana kapena yokulirapo.

Kubwezeretsa kwenikweniko kunalibe nkhani. Ndinayamba m'mawa, pofika nkhomaliro pulinta inali ikutulutsa ma CV. Windows sinafunse layisensi, poti layisensiyo imagwirizana ndi motherboard, bolodi yaikulu ya m'kompyuta, yomwe sitinasinthe. Chimene chinandikondweretsa kwambiri ndi tizinthu ting'onoting'ono: sikana inazindikirika yokha, mafomu athu a katundu anali pamalo pake, ngakhale chithunzi cha phiri la Mulanje pa sikirini chinabwerera. Amene munakhalapo tsiku lonse mukusaka diraiva ya pulinta yakale pa intaneti mukudziwa chomwe ndikunena.

Koma inabwerera ili monga tsiku lomwe image inatengedwa. Mawa lake kunabwera mayi wina kudzafunsa za firiji yomwe anatumiza ku Lilongwe sabata yomweyo. "Bambo, mundionereko ngati inakwera." M'kompyuta munalibe dzina lawo. Chinatipulumutsa ndi buku la malisiti la kaboni lija, lomwe achimwene anga amaumirira kuti tizilembabe.

Apa ndi pomwe Rescuezilla imafooka. Siikopa Windows ikugwira ntchito, ndiye muyenera kuzimitsa kompyuta, ndipo makasitomala sangadikire zimenezo. Siithanso kungowonjezera zomwe zasintha pa image yakale. Ulendo uliwonse imayambira pachiyambi, ndipo disiki yosungira imadzaza msanga. Ife timatenga image Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, osati sabata iliyonse, koma tikaika pulogalamu yatsopano kapena mwezi ukatha. Tsopano mndandanda wa katundu umakhalanso pa Google Drive, pomwe 15GB ndi yaulere.

Zina ziwiri zovutitsa. Windows ikazimitsidwa mwachizolowezi nthawi zambiri imangogona chifukwa cha Fast Startup, njira yoti iziyaka msanga, ndipo Rescuezilla ikhoza kudandaula kuti disiki sinatsekedwe bwino. Gwirani Shift pozimitsa. Ndipo ngati disiki ili ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zomwe zili pa disiki, pulogalamuyi siiona kuti malo opanda kanthu ndi ati, imakopa zonse, image n'kukula zedi. Kutulutsa fayilo imodzi yokha mu image n'kotheka kudzera mu gawo lake lotchedwa Image Explorer, koma ndi kochedwa moti ine ndinasiya.

Kodi ndingaigwiritsebe ntchito? Eya. Kwa ofesi yaikulu yofuna kuti zonse zizichitika zokha usiku, lipirani pulogalamu ina. Kwa kashopu ka kompyuta imodzi kapena ziwiri, iyi ikukwana. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye ngati mukufuna kuyesa Windows 11 kapena Linux, tengani kaye image. Disiki yosungirayo ine ndimakagona nayo kunyumba, chifukwa akuba akathyola shopu sasiya kabokosi kali pambali pa kompyuta.