Makamera anayi pa kompyuta imodzi ya Linux: a USB, khadi la Bt878 kapena la TW6864?

Tinene kuti muli ndi nyumba yosungiramo chimanga ndi mbatatesi ku Ulónguè, ndipo mukufuna kamera pageti, pasikelo, pakhomo la kuseri ndi powerengera ndalama. Pa Linux makamera olumikizidwa ku kompyuta amadutsa mu V4L2, gawo la Linux loyendetsa makamera, n'kumaoneka ngati /dev/video0, /dev/video1 ndi ena otero, omwe amatchedwa ma node. Musanatulutse ndalama, funsani kaye: kodi kamera iliyonse ili ndi njira yakeyake, kapena onse akulandizana imodzi?

A USB ndiwo amapezeka msanga, ndipo driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya uvcvideo imawazindikira yokha. Mavuto amayamba pa kamera yachiwiri. Yoyamba ionetsa bwinobwino, inayo n'kukana ndi mawu akuti "No space left on device". Ambiri amathamangira kufufuta mafayilo, chonsecho disiki ilibe mlandu. Chomwe chadzaza ndi njira ya USB. USB 2.0 imadula sekondi m'tizigawo 8,000, ndipo m'kachigawo kalikonse zipangizo ngati makamera zimaloledwa mabayiti pafupifupi 6,000 basi. Makamera ambiri amapempha 3,072, womwe ndi mulingo wotsiriza, ngakhale asakufunikira onsewo. Awiri akapempha chonchi akwana 6,144, ndiye wachiwiri watsala panja.

Mankhwala ake oyamba ndi MJPEG. Chithunzi chosapanikizidwa cha YUYV cha 640x480, pa zithunzi 30 pa sekondi, chimadya pafupifupi 18 MB pa sekondi, pamene MJPEG imachipanikiza isanachitumize. Lembani v4l2-ctl --list-formats-ext muone zimene kamera yanu imatha. Ngati ilibe MJPEG, kwezani uvcvideo ndi quirks=128 kuti driver iziwerengera yokha malo ofunika; dziwani kuti zimenezi zimagwira pa zithunzi zosapanikizidwa zokha. Onaninso lsusb -t, chifukwa mabowo awiri otalikirana kunja angakhale pa njira imodzi ya USB (bus) mkati. Bowo la buluu la USB 3 silikupulumutsani: kamera ya USB 2.0 imayendabe pa 480 Mbit/s.

Palinso nkhani ya manambala. Kuyambira kernel (phata la Linux) 4.16 kamera imodzi ya USB yoyendera uvcvideo imabala ma node awiri, lina la chithunzi lina la metadata (zofotokoza za chithunzicho). Magetsi akathima n'kuyakanso, ya pageti ndi ya pasikelo zingasinthane manambala. Gwiritsani ntchito /dev/v4l/by-path, makamaka ngati makamerawo ndi ofanana ndipo alibe nambala ya serial yowasiyanitsa. Koma chingwe cha USB 2.0 chimalekezera pa mamita 5, ndiye pageti sichifika.

Khadi lakale la Bt878, lolowetsa m'kompyuta kuti lizilandira makamera a analogi, la driver ya bttv, limakopa chifukwa kumbuyo kwake kuli polowetsa zingwe zinayi, ndipo zingwe zake za coax zimayenda mtunda wautali. Werengani ma chip ali pakhadipo. Likakhala limodzi, decoder (yosandutsa chithunzi cha analogi kukhala cha digito) ndi imodzinso: node ndi imodzi, ndipo pulogalamu imasintha kamera ndi VIDIOC_S_INPUT (pamanja ndi v4l2-ctl -i 2). Zithunzi 25 pa sekondi za PAL (mtundu wa kanema wa analogi) zimagawidwa panayi, komanso pakusintha kulikonse decoder imayamba yafunafuna sync (chizindikiro cha poyambira chithunzi), choncho zithunzi zoyamba zimatuluka zong'ambika kapena zosakanikirana ndi za kamera inzake. Pulogalamu yolondera ndi makamera yotchedwa motion ili ndi roundrobin_skip yotayira zimenezo, ndipo zotsalazo ndi zochepa kwambiri. Munthu wonyamula thumba angadutse pakhomo la kuseri decoder ili pasikelo. Mapulogalamu awiri akatsegula node yomweyo amalandana, poti input yosankhidwa ndi ya chipangizo chonse. Khadilinso ndi la PCI, bowo limene makompyuta ambiri atsopano alibe.

Pa ntchito yolondera katundu, khadi la PCIe la TW6864 (makamera 4) kapena TW6869 (makamera 8) ndilo labwino kuposa ziwirizo. Driver yake, tw686x, ili kale mu kernel. Kamera iliyonse ili ndi decoder yake ndi /dev/video yake, zithunzi 25 zonse, popanda kudikirana. Chimene mumataya ndi kuthwa kwa chithunzi: analogi ya PAL imathera pa 720x576, moti nambala ya lole ili patali simuiwerenga. Khadili silipanikiza zithunzi, ndiye ntchitoyo imagwera purosesa. Mukaona chithunzi chikugudubuzika kapena chopanda mitundu, musadule chingwe. Yambani mwalemba v4l2-ctl -s pal pa node iliyonse, kapena ntsc ngati makamera munagulawo ndi a mtundu umenewo.