Ndime 7 kapena kumana ndalama: chomwe chinaluma Poland ndi Hungary

Bungwe la European Union lili ndi zikwapu ziwiri zolangira dziko lomwe likupondereza makhothi ndi atolankhani.

Choyamba ndi Ndime 7 ya pangano lawo, yomwe imatha kulanda dziko mphamvu yovota. Anaiyambitsa pa Poland mu 2017, pa Hungary mu 2018. Koma kuti chilango chigwe, mayiko ena onse ayenera kuvomereza, ndiye Poland ndi Hungary ankangotchinjirizana. Palibe amene analandidwa voti. Galu wouwa wopanda mano.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo ndi zomwe zinaluma. Mu 2021 khothi la bungweli linalamula Poland kulipira mayuro 1 miliyoni tsiku lililonse chifukwa cha nthambi yolanga oweruza yomwe dzikolo linakhazikitsa. Mu Disembala 2022 anatsekera Hungary mayuro 6.3 biliyoni, ndipo boma la Viktor Orbán, lomwe linkanyoza likulu la bungweli ku Brussels poyera, linasintha malamulo ena okhudza makhothi ndi katangale. Ine ndikuona kuti njira iyi ndi yabwinoko, ngakhale nayo imapindika: mu Disembala 2023 anamasulira Hungary mayuro pafupifupi 10 biliyoni nthawi yomwe ankafuna kuti Orbán asatsekereze zokambirana zoti Ukraine ilowe m'bungweli, moti ambiri anati ndi malonda.

Ku Poland, amene anachotsa chipani cha PiS, chomwe chinkalamula, m'boma ndi ovota mu Okutobala 2023. Ndalama zinamasulidwa Donald Tusk atakhala nduna yaikulu, koma kukonza makhothi kunavuta chifukwa pulezidenti Andrzej Duda anali ndi mphamvu yokana kusaina malamulo.