Babu lopotana, chubu cha T5 kapena mercury vapour: buluzi timuikire nyali iti?

Oweta bearded dragon, buluzi wa ku Australia uja, amafunsa funsoli kawirikawiri, ndipo ambiri amafunsa atagula kale. Buluziyu amafuna kuwala kwa UVB, mbali ya kuwala kwa dzuwa yosaoneka ndi maso, kuti khungu lake lipange vitamini D3. Popanda vitaminiyu, kashiamu amene mumawaza pa tizilombo tomudyetsa amangodutsa m'mimba, thupi n'kuyamba kukumba wa m'mafupa.

Babu lopotana ndi lotchipa, koma sindingamuuze munthu kuti aligule. Kuwala kwake kumagwa pakamalo kakang'ono, buluzi akasuntha pang'ono watulukamo. Chopweteka kwambiri n'chakuti babuli limawalabe mbee UVB itachepa kale, nthawi zambiri pakatha miyezi 6. Maso athu saona UVB, choncho mwini wake amangoti zonse zili bwino. Amadzazindikira buluzi akukwawa chokoka mimba, zala zikunjenjemera, nsagwada yapansi yafewa ngati mphira moti akulephera kutafuna. Dokotala wa ziweto angathe kuletsa matendawa kupitirira, koma msana ukapindika suwongokanso. Ndipo mukamasintha babu kawiri pachaka monga ziyenera kukhalira, kutchipa kuja kuli kuti?

Nyali ya mercury vapour imapereka kutentha ndi UVB pamodzi. M'khola lalikulu la fulu imathandiza ndithu. Vuto lake, siilola thermostat yochepetsa mphamvu (kachipangizo kowongolera kutentha), ndiye tsiku lotentha mukaizimitsa kuti khola lizizire mwazimitsanso UVB.

Chubu cha T5, nyali yaitali yowonda, chimadula pogula, poti chimafuna chotengera chake chokhala ndi chowalitsira kumbuyo. Koma chimayala kuwala theka la khola kapena kuposa, ndipo chimatha pafupifupi miyezi 12. Kutentha kumachokera kunyali ina, imene mumaiwongolera payokha kuti poothera pafike madigiri 38 mpaka 42 Celsius. Ziwirizi ziikeni mbali imodzi kuti buluzi akamaotha azilandira zonse, mbali inayo ikhale yozizira ndi yamthunzi. Ine ndimasankha chubu cha T5.

Chubucho chikhale masentimita 30 mpaka 40 pamwamba pa msana wa buluzi, chiziyaka maola 12 patsiku. Pakati pasakhale galasi, chifukwa galasi wamba limatsekereza UVB pafupifupi yonse, ndipo ngakhale waya wa sefa amadyako gawo lina. Tsiku loyamba kuchiyatsa, lembani deti pakapepala n'kumata pachotengera.