Mapolo akale a magetsi asanduka khola la mbuzi

Ndinagula mapolo 6 akale a magetsi n'kupita nawo kwa bambo ena ocheka matabwa pamsika wathu. Asanayatse makina, anayamba azula misomali ndi mabawuti onse, poti kachitsulo kamodzi kamathyola mano a macheka. Pomwepo ndinawakhulupirira.

Matabwa anatuluka owongoka, khola laima nji. Chiswe sichikuyandikira, mitengoyo inamwa mankhwala akuda aja onunkha ngati phula. Koma utuchi wake unandiyabwa m'manja tsiku lonse, ndipo anyamata awo ankacheka osatchinga pamphuno. Zimenezi zinandiwawa mtima.

Bambowo anandichenjeza kuti zidutswa ndisasonkhere moto kapena kupangira modyera ziweto. Polo limodzi linali lowola kunsi. Anandionetsa asanalicheke, ndipo sanandilipiritse.