Chainsaw yatsamwa ndi petulo: mudikire, mukoke moto uli wonse, kapena mumasule pulagi?

Mwakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini ili duu, fungo la petulo lokha lili guu. Pamenepo yatsamwa. Kawirikawiri timaitsamwitsa ndife eni ake. Injini yozizira imatsokomola kamodzi choke (kachitseko kochepetsa mpweya wolowa mu injini) ili yotseka, ndipo kutsokomolako n'kukuuzani kuti tsegulani choke. Mukapitiriza kukoka osatsegula, petulo amachuluka kuposa mpweya, pulagi imanyowa, moto sugwira.

Ena amati ingoisiyani pamthunzi mphindi 15 kapena 20, petulo auluke yekha. Zimatheka ngati yangotsamwa pang'ono. Koma mu injini ya two-stroke, ngati ya chainsaw, petulo amayamba wadutsa kunsi, kuchipinda cha crankshaft, ndipo akadikha kumeneko sauma msanga.

Njira ina ndi yotsegula choke, kufinya moto mpaka kumapeto, n'kukoka kakhumi kapena kupitirira. Mpweya wambiri umakankha petulo wotsalayo, injini n'kudzuka ndi chiutsi choyera. Njachangu, siifuna sipanala, koma ine imandidetsa nkhawa. Ikalira imalira ndi ukali wonse. Makina akhale pansi, buleki ya tcheni ili yomanga, ndipo ikangogwira siyani moto nthawi yomweyo, chifukwa kuithamangitsa buleki ili yomanga kumaotcha kilatchi. Osayesa kuilizira m'malere, dzanja limodzi pachingwe. Tcheni sichedwa kupeza mwendo.

Njira yanga ndi yomasula pulagi, ngakhale imadya nthawi. Thimitsani switchi, masulani pulagi, ipukuteni ndi nsalu youma. Kenako kokani chingwe kangapo bowo lili lotsegula. Mudzaona kankhungu ka petulo kakufoka pabowopo, ndiye nkhope ikhale kutali, fodya ndi machesi nazonso kutali. Bwezerani pulagi, ikani switchi poliza injini yotentha ngakhale ili yozizira, choke osaikhudzanso. Buku la Stihl, kampani yopanga ma chainsaw, limalangiza zomwezi.

Chimene ndimaikondera n'choti pulagi imaulula. Ikatuluka yonyowa koma yoyera, munangolakwitsa pa choke basi. Ikatuluka yakuda bii, ya mwaye wonona, injini yakhala ikumwa mopitirira kwa masiku, kapena oyilo mumathira wambiri. Stihl ndi Husqvarna amati 50:1, kutanthauza 100 ml wa oyilo pa malita 5 a petulo, osati kuyeza ndi maso. Muonenso mpata wa kukamwa kwa pulagi, womwe pa makina ambiri otere ndi 0.5 mm. Kudikira ndi kukoka sizingakuuzeni zimenezi.

Koma ikamatsamwa tsiku ndi tsiku, njira zitatu zonsezi ndi zongopepesera. Chainsaw yanga inandizunza sabata yathunthu, pulagi ndinagula ziwiri. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza sefa ya mpweya itamatirira utuchi ndi oyilo, yolimba ngati chikopa, moti ndinachita kupala ndi chikhadabo. Injini inkapuma ngati choke ndi yotseka nthawi zonse. Nditaitsuka n'kuiumitsa, inalira nditangokoka kachiwiri.

Sefa ikakhala yoyera, pulagi ikuthetheka bwino, koma petulo akusefukirabe, kaikirani kabureta, posakanizira petulo ndi mpweya. Kasingano kotsekera petulo kakaperepeseka, kapena diaphragm (kamphira kopyapyala ka m'kabureta) ikauma gwa chifukwa cha petulo wogonera miyezi m'thanki, petulo amangodontha osaleka. Pamenepo gulani kiti ya kabureta yogwirizana ndi makina anu, ndipo tizomangira ta L ndi H, tosinthira kuchuluka kwa petulo, musatipotokole mwachisawawa, poti mukachepetsa petulo mopyola mudzaotcha pisitoni.